Mlandu opanda odandaula, nde munthu amamangidwiranji?

Kafunsefunse:

Moni akuluakulu nonse muno. Ine za uloya sindinaphunzire ayi ndimangokonda kuwerenga ndikapeza kampata, nde pali chinthu chikundizunguza mutu ndati ndifunse kwa odziwa. Milandu ngati kuba, kupha, kuvulaza munthu, kugwiririra, imeneyo ndiyomveka chifukwa pali munthu amene walakwiridwa, atha kuima mu khothi nkuloza chala kuti uyu ndi amene wandichita chipongwe. Koma m'mabuku a malamulo a maiko ambiri mumapezeka magulu ena a milandu oti ukawerenga sukuona kuti walakwiridwa ndani. Pali ija amati yoononga makhalidwe abwino monga juga, zolaula, uhule, kuchita zosayenera pagulu. Pali ya malonda achinyengo, sikelo yobera, katundu wa feki, makampani kupangana mitengo. Kenako ija amati yolakwira anthu onse, kupanga ndalama za feki, kubera siginecha kapena chidindo, kunama mu khothi utalumbira.

Nde funso langa ndi ili, anthu awiri amisinkhu yao atchova juga ndi ndalama zao m'nyumba mwao, odandaula ndani? Makampani awiri apangana kuti tonse tigulitse pa mtengo umodzi, ogula wagula yekha palibe wamugwira pakhosi, walakwiridwa ndani? Wina wasindikiza ndalama ya feki koma ikadali m'thumba mwake sanagulire kanthu, amangidwa kale. Ine zikumandionekera ngati boma limangofuna podyera zindapusa basi, kapena pali chomwe sindikuona? Ndithandizeni koma mosavuta, osati zachi Latin zanu zija kkkk

Mlembi_Opuma:

Achimwene funso lanu ndi labwino koma mwasakaniza zinthu, magulu atatuwa sali ofanana olo amakhala moyandikana m'buku. Dziko lomwe linawagawa momveka ngati m'mene mwalemberamu ndi Philippines, buku lao la milandu la 1930 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1932 lili ndi mutu wake wa milandu yolakwira anthu onse, ndipo za chinyengo pa malonda anaziika mkati mwa mutu omwewo, pomwe za makhalidwe abwino zili pa mutu wina padera. Ndekuti olo iwo anaona kuti sikelo yobera ndi ndalama ya feki ndi pachibale, koma juga ndi zolaula ndi banja lina.

Ndiyambe ndi ndalama ya feki ija mwati ili m'thumba. Pepala lomwe mumalitcha ndalama lilibe ntchito palokha, simungalidye simungalifunde, limagwira ntchito chifukwa aliyense amalilandira osalipenda kawiri. Tsiku lomwe anthu ayamba kukayika pepala lililonse, malonda aima dziko lonse, ndipo ovutika si okhayo amene wapatsidwa ya fekiyo koma aliyense amene ali ndi yeniyeni m'thumba. Nchifukwa chake malamulo sadikira kuti mpaka wina aberedwe, kungopanga kokha kapena kupezeka ndi zipangizo zopangira ndi mlandu kale. Ku England kalekale, kuyambira lamulo la 1351, kupanga ndalama yachinyengo kunali m'gulu limodzi ndi kuukira mfumu, chilango chake imfa. Isaac Newton yemwe uja timamudziwa ku sayansi anapatsidwa udindo oyang'anira kosulira ndalama mu 1696 ndipo sanangokhala mu ofesi, ankafunsa yekha mboni, kulemba akazitape, kutolera umboni m'malo omwera mowa, mpakana anagwira katswiri wina wa ndalama zachinyengo dzina lake William Chaloner yemwe ananyongedwa mu 1699. Ndipo mu 1929 maiko anasainirana pangano ku Geneva loti kupanga ndalama ya feki ya dziko lina nakonso kukhale mlandu kwanu, osati uzisindikiza za eni ake uli phee kwanu nkumati sizikukhudza boma lako.

Kubera siginecha, chidindo, satifiketi, ndi chimodzimodzi. Dokotala wa mapepala a feki akakuchitani opaleshoni nde mumadziwa kuti odandaula analipo, amangoti sanafike. Kunama utalumbira nako, jaji sanalipo pomwe zinthu zimachitika, amadalira pakamwa pa mboni, nde ngati kunama kulibe chilango khothi yonse yasanduka masewera ndipo osalakwa azikalowa ndende chifukwa cha lilime la munthu.

Za sikelo ndi zakale kuposa zonsezi. Magna Carta, chikalata cha malamulo cha ku England cha 1215 chija, yomwe anthu amaitchula pa nkhani za ufulu ili ndi ndime yolamula kuti muyeso ukhale umodzi mu ufumu onse. Chifukwa chake nchosavuta, ogula sangayende ndi sikelo yake m'thumba. Obera pa sikelo amachotsa pang'onong'ono pa munthu aliyense, kochepa koti palibe angataye tsiku lake kupita ku polisi, koma mukaphatikiza anthu onse amene adutsa pa sikeloyo pa chaka mupeza waba zambiri kuposa othyola nyumba. Nde poti palibe mmodzi amene angadandaule, boma limadandaula m'malo mwa onse. Za makhalidwezo ndisiyira ena, ine pamenepo maganizo anga ndi ogawanika.

Mai_a_Mapasa:

Ine ndiyankhe pa za makampani kupangana mitengo chifukwa pamenepo a Kafunsefunse mwandikhumudwitsa pang'ono kkk, mwati ogula palibe wamugwira pakhosi?? Amugwira kumene, kungoti dzanja lake silioneka. Chomwe chimateteza ogula pa msika ndi choti ukadula kuno apita kwa mnzako, nde ogulitsa onse akakhala pansi mu hotela nkupangana, ogula uja azungulira mashopu onse nkupeza mtengo omwewo nkumaganiza kuti nde m'mene zinthu zilili, osadziwa kuti anamudyera kale masuku pamutu.

Zitsanzo zilipo zambiri. Ku Europe makampani opanga mathiraki akuluakulu, MAN, Daimler, DAF, Iveco ndi Volvo/Renault anapangana mitengo kwa zaka 14, kuchokera 1997 mpaka 2011, ndipo mu 2016 anawalipiritsa mayuro pafupifupi 2.9 biliyoni. Tangoganizani katundu yense amene anayenda pa mathiraki amenewo zaka zonsezo, mtengo okwerawo unathera kwa ndani ngati si ogula omaliza. Koma MAN sinalipire kanthu olo inali momwemo, chifukwa ndi yomwe inakaulula. Imeneyo ndi njira yomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito pano, oyamba kuulula amakhululukidwa, cholinga choti akubawo asakhulupirirane okhaokha, aliyense azigona akuganiza kuti kaya mnzanga uja mawa akandineneza. Kupanda kutero milandu imeneyi sigwidwa chifukwa palibe kalata palibe mboni, zimathera pa tebulo la nkhomaliro.

Ku South Africa nako, masitediyamu a World Cup ya 2010 aja timawaonera pa TV, makampani omanga anali atagawana ma tenda mwachinsinsi, uyu atenge iyi uyo atenge iyo, enawo nkumaponya mitengo yokwera dala kuti zioneke ngati panali mpikisano. Mu 2013 makampani 15 anavomera kulipira marandi 1.46 biliyoni pa nkhani ya kupangana ma tenda. Ndalama zomangira zinali za misonkho, nde odandaula ndi aliyense olipira msonkho.

Chomwe ine chimandinyansa ndi choti malo ambiri zimathera pa chindapusa, kampani yalipira, mabwana amene anapangana aja apita kwao kukagona pa matilesi abwino, chindapusacho nkuchiikanso pa mtengo wa katundu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ku America bola, lamulo lao la Sherman Act la 1890 limati kupangana mitengo ndi mlandu oti munthu atha kulowa nawo ndende, pano mpaka zaka 10. Mu 1996 kampani ya ADM inalipira madola 100 miliyoni pa nkhani yopangana mtengo wa lysine, mankhwala ena osakaniza mu zakudya za ziweto, komanso wa mankhwala ena otchedwa citric acid, ndipo mabwana ake ena anamangidwa ndithu. Apolisi ofufuza a ku America a FBI anajambula misonkhano yao mobisa kudzera mwa bwana wina wa mkati momwemo, yemwe pambuyo pake nayenso analowa ndende atapezeka kuti amaba ndalama za kampaniyo kkkk dziko ili. UK nayo inaika lamulo mu 2002 loti munthu atha kukhala zaka 5.

Ndipo amene akuganiza kuti chinyengo cha malonda ndi nkhani ya ndalama chabe akumbuke za ku China mu 2008. Anthu amathira madzi mu mkaka kenako nkuthiramo mankhwala oopsa otchedwa melamine kuti poyeza uoneke ngati uli ndi protein okwanira, mkaka umenewo nkupangira wa ufa wa makanda. Ana pafupifupi 300,000 anadwala impso, 6 anamwalira malinga ndi chiwerengero cha boma, anthu awiri ananyongedwa mu 2009. Mayi ogula chitini angayeze bwanji yekha? Ine ndine kholo, nkhani imeneyi ndikaikumbuka thupi limachita tsembwe.

Wosagonja265:

Zomwe anena a Mlembi ndi Mai a Mapasa ndikugwirizana nazo zonse, pa ndalama za feki ndi ma cartel (makampani opangana mitengo aja) olakwiridwa alipo kungoti ndi ambiri ndipo amwazikana. Koma aise Kafunsefunse pa gulu la makhalidwe abwino paja usabwerere m'mbuyo, funso lako lili ndi mano ndipo anthu ophunzira akhala akukangana zomwezo zaka zoposa 100. Mlembi wina wa ku Britain, John Stuart Mill, mu 1859 analemba kuti chifukwa chokhacho chomwe boma lingakakamizire munthu wamkulu ndi kuteteza ena kuti asavulazidwe, osati kumuteteza kwa iye mwini kapena poti ena zikuwanyansa. Ku Britain komiti ya Wolfenden inatulutsa lipoti mu 1957 lonena kuti zomwe akuluakulu awiri agwirizana kuchita kuchipinda kwao si ntchito ya lamulo la milandu, nkhani yake inali ya uhule ndi ya amuna ogonana okhaokha. Jaji wina Patrick Devlin anatsutsa mu 1959, iye amati mtundu wa anthu umagwirana ndi makhalidwe omwe onse amavomereza nde ukawalekerera umaphwasuka, kenako pulofesa H.L.A. Hart anamuyankha kuti umboni wa kuphwasukako uli kuti, makhalidwe amasintha nthawi zonse ndipo maiko sakugwa. Mkangano umenewo mpaka lero sunathe.

Ine vuto langa lenileni ndi kalembedwe ka malamulo amenewa. Sikelo yobera umaiyeza, yapelewera kapena siyinapelewere, basi. Ndalama ya feki umaiunika. Koma "zosayenera" amayeza ndi chani? Buku la ku Philippines lomwe atchula a Mlembi lili ndi ndime 200 yomwe imalanga khalidwe lochititsa manyazi kwambiri lomwe silinatchulidwe pa ndime ina iliyonse, ndekuti chilichonse chomwe chatsala chomwe wapolisi kapena jaji sichinamusangalatse. Munthu ungadziwe bwanji pasadakhale kuti ukulakwa? Ku England mu 1961 pa mlandu wa Shaw, munthu anasindikiza kabuku ka maina ndi ma adiresi a mahule, khothi yaikulu inamupeza olakwa pa mlandu opangana kuononga makhalidwe a anthu, mlandu oti nyumba ya malamulo sinaulembepo pena paliponse. Jaji mmodzi, Lord Reid, anakana, amati si ntchito ya majaji kupanga milandu yatsopano.

Ndipo lamulo likakhala lotakasuka chonchi limagwera osauka. Olemera amatchova juga mu casino ya laisensi, boma nkutengako msonkho, osauka akatchova pansi pa mtengo ndi mlandu, nde khalidwe loipalo ndi juga kapena kusowa laisensi? Malamulo a oyendayenda opanda chochita aja, omwe maiko ambiri anatengera kwa atsamunda, amamanga munthu chifukwa choti wapezeka panja usiku ndipo sakuoneka bwino, wa galimoto samufunsa. Philippines inachotsa mlandu umenewo mu 2012, ndipo khothi ya African Court ya ku Arusha inapereka maganizo ake mu December 2020 kuti malamulo otere akuphwanya ufulu wa anthu. Chodabwitsa ku Philippines komweko ndime ya uhule inatsala ndipo imatchula akazi okha, bambo ogula uja mulibemo. Sweden mu 1999 inatembenuza, olakwa ndi ogula osati ogulitsa. Nde mukuona, chinthu chimodzi chomwecho, kuno amanga mkazi uko amanga mwamuna kwina samanga aliyense, pomwe sikelo yobera palibe dziko lomwe limaivomereza.

Osaiwalanso America inaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933 pa zifukwa za makhalidwe zomwezi, mapeto ake anthu sanasiye kumwa, amene analemera ndi zigawenga ngati Al Capone, mpakana anachotsa okha lamulolo.

Gogo_Chenjezo:

Mwana wanga Wosagonja walankhula bwino ndipo zoti malamulowa amagwera amphawi sindikutsutsa, ndi zoona. Koma usatitengere kutali ngati kuti gulu lonselo ndi lachabe. Mwayamba ndi anthu awiri m'nyumba mwao, chabwino, nanga juga ija ikamadyedwa ndi malipiro a mwezi onse, ana kunyumba kulibe chakudya fizi sinalipidwe, mukuti odandaula palibe? Alipo, kungoti ndi mwana wa zaka 7 sangapite ku polisi. Zolaula nazo, kuonera munthu wamkulu payekha ndi nkhani ina, koma kuziika poti ana aziona, kapena kujambula ana amene, kapena kufalitsa zithunzi za munthu iye osavomera, pamenepo olakwiridwa ali ndi dzina ndi nkhope. Ndipo msewu ndi wa tonse, munthu sangavule pa depoti nkumati thupi ndi langa, enafe sitinasankhe kuona.

Komanso Wolfenden mwamutchulayo muwerengeni yense. Lipoti lomwelo linati zakuchipinda zisiyidwe koma linapempha kuti zilango za okopa makasitomala mu msewu zikwere, ndipo lamulo la 1959 linachitadi zimenezo. Ndekuti olo iwo sanati boma lichoke pa nkhani za makhalidwe, anangolemba malire pakati pa kuseri ndi pagulu. Ine pomwe ndingagwirizane nanu ndi poti lamulo lizitchula chinthu chenicheni chomwe chaletsedwa, osati mau otambalala aja oti wapolisi aliyense azitanthauzira m'mene wadzukira tsiku limenelo.

Wosagonja265:

Agogo zitsanzo zanu zonse mwapereka muli munthu ovulazidwa, mwana, ojambulidwa osavomera, odutsa mu msewu. Ndekuti mwalowa mbali ya Mill osadziwa kkkk. Pa juga pokha nde tisiyana, chifukwa bambo omwera malipiro onse mowa kapena ogulira magalimoto osafunika nayenso ana ake amagona ndi njala koma sitimumanga, timamukakamiza kusamala ana kudzera ku khothi ya za mabanja.

Kafunsefunse:

Zikomo nonse, za ndalama ndi ma cartel zandilowa tsopano. Koma pali china chatulukira pa zomwe ananena Mai a Mapasa za mkaka. Nanga ogulitsa wamng'ono amene waoda katundu kwa ena, iye osadziwa kuti ndi wa feki kapena ndi oonongeka mkati, chitini chotseka sangachione, nayenso amangidwa? Paja ndimamva kuti kuti munthu apezeke olakwa pamafunika kuti anali ndi cholinga choipa, mesa ndi choncho?

Mlembi_Opuma:

Pa milandu ikuluikulu ngati kuba ndi kupha ndi choncho achimwene, oimira boma ayenera kuonetsa kuti munthu anachita dala kapena amadziwa. Olo pa ndalama ya feki, amene wangopatsidwa chenje nkukagulira osadziwa sanalakwe, mlandu umabwera ngati amadziwa kuti ndi ya feki. Koma pa malamulo ambiri a zakudya, mankhwala, miyeso ndi zolemba pa katundu, maiko otsatira malamulo a chi England amagwiritsa ntchito chomwe amati strict liability, ndekuti boma lingoonetsa kuti chinthucho chinachitika basi, zoti mumadziwa kapena ayi sizifunsidwa.

Pali mlandu odziwika wa ku England wa 1974, Smedleys v Breed. Kampani inapanga zitini za nsawawa zobiriwira zija amati peas zokwana 3.5 miliyoni, mwa zonsezo zinayi zokha ndi zomwe munapezeka kambozi. Makina anali abwino, oyang'anira analipo, kambozi kake kofanana mtundu ndi kukula ndi zomwe zili m'chitinimo moti kukaona kunali kovuta, koma House of Lords, yomwe inali khothi yaikulu kumeneko nthawi imeneyo, inati olakwa ndithu, olo majaji ena anaonetsa kuti sanakondwe kuti nkhani yotere inafika mpaka ku khothi. Maganizo ake ndi oti amene wasankha kugulitsa chinthu cholowa m'mimba mwa anthu ndi amene ali pafupi ndi vutolo kuposa ogula, ndipo mukati boma lizionetsa cholinga choipa pa chitini chilichonse palibe kampani ingapezeke yolakwa, aliyense azingoti sindimadziwa.

Kuti zisapweteke osalakwa, milandu yotereyi nthawi zambiri chilango chake ndi chindapusa kapena kulandidwa katundu osati ndende, ndipo malamulo ambiri atsopano amapereka podzitetezera, ukaonetsa kuti unachita zonse zomwe munthu osamala angachite. Apa nde pomwe ma risiti amapulumutsa munthu. Ogulitsa amene ali ndi invoice yoonetsa komwe anaoda, tsiku lake, nambala ya batch, amatha kuloza kumtunda kuti funsani awo, ndipo ofufuza amafuna opangayo kuposa iye. Koma amene anagula katundu wa dzina lodziwika pa theka la mtengo wake kuseri kwa galimoto usiku, opanda pepala lililonse, jaji amuuza kuti unasankha kutseka maso dala, ndipo m'malamulo kutseka maso dala amakuwerengera pafupifupi ngati kudziwa.

Mai_a_Mapasa:

Eya, ndipo pa mankhwala a feki nde asamakhululuke nkomwe za "sindimadziwa" zo. Ogulitsa mankhwala ali ndi laisensi, amadziwa ma supplier ovomerezeka, akakaoda kwina chifukwa kwatchipa ameneyo wasankha yekha. Agogo ndi Wosagonja pitirizani za juga zija ine ndikuwerenga, koma Wosagonja sunayankhe za pa depoti paja.